Ndinaphunzira kukonza zithunzi pa kompyuta imvi zitamera kale

Ndinayamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe nthawi ya filimu, pamene tinkatumiza zithunzi kutauni kuti akatitsukire. Mafoni atafala, ntchito inayamba kundithawa. Makasitomala ankafuna zithunzi zokonzedwa pa kompyuta, pomwe ine ndinkangodziwa kuloza kamera ndi kudina.

Photoshop sindinaiyandikire n'komwe. Kuyambira 2013 mitundu yake yatsopano sagulitsanso kamodzi n'kamodzi, munthu umalipira mwezi ndi mwezi, ndipo thumba langa silikanakwanitsa. Mphwanga anandiikira GIMP, yomwe ndi yaulere, pa laputopu yakale.

Nditaitsegula, mutu unazungulira. Timabokosi mbwee, tizizindikiro tosawerengeka, Chingerezi chakenso cha anthu a makompyuta. Ndikati ndiwalitse nkhope ya mkwati, diresi la mkwatibwi linkayera mbee mpaka maluwa osokedwapo osaonekanso. Ndikadina Save pankatuluka fayilo ya XCF, imene foni ya kasitomala sinkatsegula, osadziwa kuti JPEG imatulukira pa Export. Magetsi akathima, batire nalo lotha kale, ntchito ya tsiku lonse inkapita. Ndinafika poganiza zogulitsa kamera n'kuyamba geni ya tomato.

Anandiwombola ndi mphwanga yemweyo. Anati, "Achimwene, chithunzi chenichenicho musachikhudze. Layer ili ngati pepala la pulasitiki loyala pamwamba pa chithunzi. Muzilemba papepalapo, mukalakwitsa mungolichotsa." Manja anasiya kunjenjemera. Kenako anandionetsa mask: pamene wapaka choyera pamaoneka, pamene wapaka chakuda pamabisika. Lero ndimapanga kope la chithunzi, kuliwalitsa ndi chida cha Curves, n'kubisa mbali ya diresi kuti kuwalako kutsale pankhope pokha.

Apo m'pamene ndinamvetsa chimene chinkandivuta kuyambira kale. Kamera ikaona chovala choyera chachikulu imachepetsa kuwala, ndiye nkhope zathu zimamira mumdima. Kuwala kumeneko ndimakubwezeretsa mosangalala. Koma akabwera ena n'kumati, "Bambo, mundiyeretse pang'ono," ndimakana. Ana awo adzaona chithunzicho mawa n'kumafunsa kuti mayi awa ndi ayani.

Ntchito imene sindinkaiyembekezera ndi ya zithunzi zakale. Mayi wina anabweretsa chithunzi cha malemu amuna awo chodyedwa ndi chiswe pakona, chokhala ndi mzere wopindika wodutsa paphewa. Ankafuna chikhale pa pulogalamu ya tsiku lovundukula chiliza. Ndinachipanga sikani pa 600 dpi, ndipo ndi chida cha Clone ndinkatapa kachigawo ka jekete pamene panali pabwino n'kumata pong'ambikapo, pang'onopang'ono, maso ali tong'o. Diso ndi mlomo sindinazikhudze, chifukwa m'menemo ndimo muli munthuyo.

Mayiwo anauza anzawo a mvano, ndipo tsopano m'chilimwe, anthu akakolola n'kuyamba kumanga ziliza, zithunzi zakale zimandipatsa ndalama kuposa maukwati. Okhala kutali ndimangowachenjeza kuti potumiza pa WhatsApp azitumiza ngati document, chifukwa akatumiza mwachizolowezi chithunzi chimafinyidwa, ndipo chikasindikizidwa chimatuluka chosaoneka bwino.