Sakisofoni ya mtchona Dudu Pukwana

Kuno ku London mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko madzulo isanakwane, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene kupukwa kumandigwira zolimba. Kwathu ku Chileka mvula yagwa, anthu ali kalikiliki kupalira, ana akutola mango pansi, ine ndili m'basi ndi majekete awiri kupita kuntchito ya usiku yosamalira okalamba. Anzanga ena amathawira ku nyimbo za kwaya, ena kwa Lucius Banda. Ine wonditonthoza ndi munthu amene sanali Mmalawi n'komwe, amene ambiri kwathu sanamvepo dzina lake: Dudu Pukwana, woimba sakisofoni wa ku South Africa, amene anakhala mumzinda uno zaka 25 mpaka kufera momwemuno.

Chimbale chake cha In the Townships, cha mu 1974, nditachimva ndinachizindikira pompo. Bambo anga anapitako ku Joni ndi Teba, ndipo pobwera anatenga mbale za kwela zimene tinkavina pabwalo fumbi koboo. Kwela yomweyo ndi imene Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a kwathu, anaisandutsa yathuyathu ndi gitala ndi chitoliro. Mu sakisofoni ya Pukwana kwela ija ilimo yonse, koma yakula, yaona mavuto. Amayamba ndi kanyimbo kosavuta koti mwana angakaimbe ndi mluzu, n'kukabwereza, n'kukabwerezanso, kenaka mawu aja amasasa, amang'ambika, amakuwa ngati mayi amene wangofika pamaliro kuchokera kutali. Musanapukute misozi wabwerera kale ku kanyimbo kovinika kaja.

Anabadwira ku Walmer, ku Port Elizabeth, mu 1938. Anali m'gulu la Blue Notes pamodzi ndi Mongezi Feza, Nikele Moyake, Johnny Dyani, Louis Moholo ndi Chris McGregor. McGregor anali mzungu, ndipo m'dziko la tsankho lija akuda ndi mzungu kuimbira pamodzi kunali kuputa apolisi. Mu 1964 anaitanidwa ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, ku France, ndipo anachoka osadziwa kuti ambiri a iwo akutsanzika komaliza. Moyake, katswiri winanso wa sakisofoni amene lero satchulidwa, anabwerera kwawo akudwala n'kumwalira pasanapite nthawi. Otsalawo anafika ku London mu 1965.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mu Disembala 1975. Feza, woimba lipenga, anamwalira kuno ali ndi zaka 30 zokha. Patangopita masiku ochepa anzake anayi analowa m'chipinda choyeserera nyimbo, osakonzekera chilichonse, n'kuimba kwa maola. Zimene anajambulazo ndi chimbale cha Blue Notes for Mongezi. Ife amene taikapo mnzathu m'dziko lozizira lino tikudziwa chimene chinkachitika m'chipindamo. Kuno kulibe kugona pa siwa, kulibe adzukulu, kulibe amayi oimba mpaka mbandakucha. Timasonkha ndalama pa WhatsApp, timakumana m'holo yobwereka maola awiri, m'mawa mwake aliyense kuntchito. Anyamata ajanso analibe mudzi woti uwalirire mnzawo, ndiye anamulira okha ndi zoimbira zawo. Sindichimvera kawirikawiri chimbalechi chifukwa chimandilemera, koma sindinamvepo china chonena zoona za moyo wathu chotere.

Nanga bwanji Pukwana sadziwika? Anthu akamatchula akatswiri a sakisofoni amayamba ndi Charlie Parker, John Coltrane ndi Sonny Rollins, ndipo akuyeneradi. Akatembenukira ku Africa amatchula Hugh Masekela ndi Abdullah Ibrahim, basi nkhani yatha. Ngakhale Kippie Moeketsi, amene ankaimba nawo awiriwa mu Jazz Epistles ndipo ankamutenga ngati mphunzitsi wawo, anafa wosauka mu 1983. Pukwana zimbale zake zambiri zinatuluka ndi timakampani ting'onoting'ono monga Ogun. Kuganiza kwanga, kuno ena ankamuona kuti wachulutsa za kumudzi, pamene ofuna kuvina ankati akukuwa kwambiri. Koma ndi pomwepo pagona ukatswiri wake. Sanalole kusankha pakati pa jazi yatsopano ya ku Ulaya ndi nyimbo za kwawo, anazinyamula zonse pamodzi. Ndikamadutsa pa 100 Club mu Oxford Street, pamene ankaimba ndi gulu lake la Zila, mtima umandiwawa kuona anthu akungodutsa ndi zikwama za m'sitolo.

Mandela anatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, njira yobwerera kwawo n'kutseguka. McGregor anamwalira mu Meyi chaka chomwecho, Pukwana mu Juni. Dyani anali atapita kale mu 1986. Mwa amene anafika ku London, Moholo yekha ndiye anabwerera kukakhala kwawo. Nkhani imeneyi imandiopsa, chifukwa nanenso chaka chilichonse ndimati chaka chamawa ndikupita.

Inu oulutsa mawu pa mawailesi a kwathu, mukamaika Kachamba Lamlungu masana, tsatizani ndi Pukwana, anthu amve okha ubale wake. Ndipo inu anzanga otchona, kaya muli ku Leeds, ku Dublin kapena ku Cape Town, funani In the Townships mumvere sabata ino.