Mlatho wa Kafue ndi Cilembo ca x

Mzinda wa Kafue uli kumwera kwa Lusaka, pafupi ndi mtsinje waukulu wa Kafue. Pamtsinjepo pali mlatho wa njanji umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndipo uli ndi zigawo 13 zolingana.

Mumzindamo munali mnyamata wina amene analowa Fomu 1. Ku pulaimale anali kukhoza masamu, koma tsopano anapeza zilembo zitasakanizika ndi manambala, nasokonezeka mutu. Pamayeso analephera kawiri. Amace, amene anali kugulitsa nsomba zouma kuti amgulire mabuku, anada nkhawa, pakuti mwanayo anayamba kunena zoleka sukulu.

Amalume ace, amene kale anagwira nchito ya njanji, sanamkalipira. Tsiku Loweruka anapita naye kumtsinje, namuonetsa mlatho uja.

"Mphwanga," anatero iwo, "werenga zigawo zija. Tinene kuti mlatho wonse ndi mamita 429. Cigawo cimodzi ndi mamita angati?"

Mnyamatayo anagawa pamcenga ndi kamtengo, nati, "Ndi 33, Amalume."

"Nanga usanagawe, nambalayo unali kuichula bwanji?"

"Inalibe dzina, Amalume."

"Aphunzitsi ako aipatsa dzina lakuti x. Lemba 13x = 429. Tsopano curukitsa 33 ndi 13, uone ngati ubwerera pa 429."

Anabwereradi pomwepo. Pamenepo anazindikira kuti cilembo ndi nambala imene yabisala, ndi kuti munthu akhoza kuyesa yekha yankho lace.

Kuyambira tsikulo, madzulo ali onse asanadye nsima, anali kucita masamu asanu okha, nafotokoza mokweza cimene ali kucita pamzere uli wonse. Akalakwa, amalume sanali kumuuza yankho, koma anali kuti, "Bwerera, upeze mzere umene phazi linaterereka." Popeza anaona kuti kucurukitsa ndi 7 ndi 8 kunali kumvuta, anayamba kumfunsa zimenezo pamtima. Pakutha pa caka sanakhala woyamba m'kalasi, koma anapambana, ndipo za kuleka sukulu sananenanso.

Ana inu, posacedwa mudzakomana naye x. Musadzamuope, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Yesani lero lomwe: mayi wagulitsa milu 8 ya nsomba pamtengo umodzi, nalandira K96. Lembani ndi x, mupeze mtengo wa mulu umodzi.