Ntchito yanga yosanja mapuloteni

Ndine mmodzi wa anthu osanthula ndi kusanja mapuloteni m'nkhokwe ya pa intaneti ya UniProt, imene wofufuza aliyense padziko lapansi amatapamo ulere. Mu labu sindilowa. Zida zanga ndi kompyuta, maso, ndi malipoti a kafukufuku amene anzathu asindikiza.

Puloteni ili ngati mkanda wotungidwa ndi ma amino acid a mitundu 20, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chilembo chake. Tengani puloteni ya beta ya hemoglobin, yonyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Nambala yake kwathu ndi P68871, ndipo imayamba chonchi: MVHLTPEEK. E woyambayo akasinthika n'kukhala V, mwana wotengera kusinthaku kwa bambo ndi mayi omwe amadwala sickle cell, matenda amene akuvutitsa mabanja ambiri mu Africa muno. Madokotala amati kusinthaku kuli pa malo a 6. Ife timalemba 7, chifukwa timawerengera ndi M wakutsogoloyo, amene selo imamudula puloteniyo ikamapangidwa. Zing'onozing'ono zoterezi ndiye ntchito yanga: ndiyenera kuzilemba momveka kuti wofufuza wa ku Blantyre ndi wa ku Tokyo aziloza chinthu chimodzi.

Ntchitoyi inayamba pa pepala. Mu 1965 Margaret Dayhoff anasonkhanitsa mapuloteni 65 m'buku limodzi ku America. Mu 1986 Amos Bairoch anayambitsa nkhokwe ya Swiss-Prot ku Geneva, ndipo mu 2002 magulu a ku Switzerland, Britain ndi America anagwirizana kupanga UniProt.

Masiku ano makina akutulutsa mapuloteni ochuluka kuposa amene manja athu angakwanitse. Mamiliyoni ambirimbiri amakhala mu gawo la UniProt lotchedwa TrEMBL, momwe kompyuta imangolosera ntchito yawo poona kufanana kwawo ndi ena. Amene munthu anawapenda imodziimodzi, mu gawo la Swiss-Prot, angopitirira 570,000.

Apa m'pamene mtima wanga uli. Kompyuta ikapatsa puloteni dzina lolakwika, nkhokwe zina zimakopera, ena n'kukoperanso kwa iwo, mpaka cholakwikacho chimaoneka ngati choona chifukwa chili paliponse. N'chifukwa chake pa mfundo iliyonse ndimadzifunsa kuti, waona ndi maso ndani? Ndimawerenga lipoti lonse, matebulo ndi zithunzi zomwe, osati chidule chokha. Ngati anayesa pa mbewa, ndimalemba kuti ndi pa mbewa. Ngati mfundoyo ndi yongoyerekeza ndi puloteni ina, ndimaika chizindikiro chosonyeza zimenezo. Malipoti awiri akatsutsana, onse ndimawatchula, ngakhale puloteni imodzi indidyere tsiku lathunthu.

Inu ofufuza, mukamasindikiza zomwe mwapeza, chonde lembani nambala ya puloteniyo ndi dzina la chamoyo chimene mwaitengako. Mukatero, ntchito yanu tidzaiika pamalo pake, ndipo anzanu adzaipeza.