Ulendo wa pa Nyanja ndi Kathumba Kamodzi



Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda ine ndi mkazi wanga pa sitima ya Ilala, kuchokera ku Monkey Bay kufikira ku Usisya, ndiponso za katundu amene tinanyamula. Kapena ena adzati: Kodi katundu n'chinthu choti munthu alembere kalata? Dekhani pang'ono, mudzamva. Ife a kumtunda tidziwa ulendo wa pansi, wa njinga ndi wa basi. Koma ulendo wa pamadzi uli ndi malamulo akeake, ndipo wosawadziwa amawaphunzira ndi misozi.

Kwathu ndi kufupi ndi Mua, patsinde pa mapiri a Dedza, pamene ansembe a White Fathers anayamba mishoni m'chaka cha 1902. Nyanja timaiona patali tikakwera phiri, koma sitima tinali tisanakwerepo chibadwire. Tsono mwana wathu wamkazi anakwatiwa ku Usisya, kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo m'mwezi wa Juni unafika uthenga wakuti kwabadwa mwana wamwamuna, ndi kuti ubatizo uli pafupi. Mkamwini wathu anati msewu wotsikira kwao uli wa mapiri otsetsereka koopsa, kotero n'kwabwino kuti tidze pamadzi.

Kutatsala masiku atatu tinayala mphasa pakhonde, tinayamba kuunjikapo za paulendo. Mkazi wanga anaikapo bokosi lachitsulo lodzaza ndi zovala, thumba la ufa woyera, nyemba, miphika iwiri yadothi, magombeza atatu, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Ine, posafuna kutsalira, ndinaonjezapo wailesi, mabuku asanu, jekete lachiwiri ndi nsapato za paphwando. Tili kuyamikira mulu wathuwo, anafika mkulu wina wa mumphakati mwathu, amene pa unyamata wake anagwirapo ntchito ya umalinyero. Anayang'ana muluwo nthawi yaitali, nati: “Aphunzitsi, kodi muli kusamuka pamudzi pano osatiuza?”

Titamfotokozera, anakhala pansi nanena: “Katundu wa panyanja sayesedwa pa sikelo ai, ayesedwa pa makwerero. Kumene muli kupitako kulibe doko lomangidwa. Sitima idzaponya nangula kutali ndi gombe, ndipo inu mudzatsika pa makwerero kulowa m'boti laling'ono limene lili kuvina pa mafunde. Dzanja limodzi liyenera kugwira chitsulo. Nanga bokosi ili mudzaligwira ndi mano?”

Mkazi wanga sanaseke. Anati: “Koma abambo, tikafike kwa asewele athu chimanjamanja? Adzati anthu a ku Dedza ndi ouma manja, ndipo manyazi ake adzagwera mwana wathu, pakuti ndiye akhala nawo.” Mawu amenewa sanali opepuka, ndipo mayi aliyense amene anakwatitsa mwana kutali adzawamvetsa. Mkuluyo anayankha mofatsa: “Amayi, mwanena zoona, mlendo safika wopanda kanthu. Koma ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gulitsani nkhuku ndi ufa konkuno, ndalama mumange pansalu, mukagule mphatso komweko. Tambala wa ku Usisya alira chimodzimodzi ndi wa ku Mua.”

Pamenepo anatigawitsa muluwo patatu: zofunika panjira, za mphatso, ndi zongofuna kuti anthu atione. Ndiulule poyera kuti mulu wachitatu ndiwo unakula koposa, ndipo zambiri za m'menemo zinali zanga. Pa za mphatso tinasankha ziwiri zokha zosagulika kwina: kamalaya koyera ka ubatizo kamene mkazi wanga anasoka ndi manja ake, ndi kathumba ka nyemba za m'munda mwathu.

Zofunika panjira ndi izi, ndipo ndizilemba pamodzi ndi zifukwa zake, kuti wina wofuna kuyenda apindule. Zovala zikhale ziwiri, zina pathupi, zina m'thumba. Pakuti kunyanja madzi ochapira sasowa, ndipo chovala choyanika pamchenga chiuma dzuwa lisanapendeke. Musazipinde monga za m'bokosi, koma muzikulunge ngati mphasa, zidzatenga malo ochepa. Gombeza limodzi ndi juzi musasiye, chifukwa m'miyezi ya chisanu mphepo ya usiku panyanja ilasa mpaka m'mafupa. Amayi atenge zitenje ziwiri: chitenje ndicho chofunda, choyala, chopukutira ndi choberekera. Nsapato zikhale zosaopa madzi, pakuti boti silifika nthawi zonse pouma, ndipo munthu amatsikira m'madzi a m'maondo. Tikiti, chiphaso, foni ndi buku la mapemphero muzikulunge m'jumbo ndi kumanga zolimba. Ndalama musaike pamodzi. Zina m'thumba, zina pathupi. Amene amwa mankhwala tsiku ndi tsiku awasunge pomwe dzanja lifika msanga, ndipo atenge oposa masiku amene awerenga, chifukwa nyanja siitsata koloko ya munthu. Kamba akhale wosaola: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, ndi botolo la madzi akumwa. Onjezani kapu, sopo, tochi ndi neti ya udzudzu. Korona ikhale m'thumba la malaya; iyo silemera.

Zonsezi zinalowa m'zikwama ziwiri zoberekera kumsana, china changa, china cha mkazi wanga. Koma mkuluyo sanakhutire. Anatilamula kubereka zikwamazo ndi kukwera makwerero a nkhokwe, kukwera ndi kutsika katatu. Ana a m'mudzi anaseka mpaka kugwa pansi poona agogo awo ali kusewera pankhokwe. Ine ndinatsika ndili wefuwefu, ndipo ndinachotsa mabuku ena awiri amene ndinabisa pansi pa zovala.

Tinakwera sitima ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Ilala ndi nkhalamba yolemekezeka. Inapangidwa ku Scotland, kufupi ndi Glasgow, m'chaka cha 1949. Inadza m'zidutswa pa nyanja yamchere kufikira ku Beira, kenaka pa njanji, ndipo atailumikiza pano inayamba ntchito mu 1951. Dzina lake ndi la dziko la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalira mu 1873. Kunalinso Ilala ina yoyamba, yaing'ono, imene amishoni a Livingstonia anadza nayo mu 1875. Pofika pa mathithi a Shire anaimasula, ndipo amtengatenga mazanamazana anaisenza pamutu, chidutswa chidutswa, kufikira pamene mtsinje uyendekanso. Poganiza zimenezi ndinati mumtima: Makolo athu anasenza sitima kuti ife tisenzedwe nayo, si kwabwino kuti tiilemetse ndi zachabe.

Nyanja yathu ndi yaikulu kopambana m'mene tiionera kuphiri. M'litali mwake ipitirira makilomita 550, ndipo kumpoto kuli malo akuya pafupifupi mamita 700. Tsiku loyamba madzi anali bata. Tinaona asodzi m'mabwato awo, ndipo chakumadzulo tinaona patali ngati utsi wakuda uli kutuluka m'madzi. Mkazi wanga anayesa kuti ngalawa ina ili kupsa, koma mayi wina wa ku Likoma anatiuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'nyanja, ndipo anthu a m'gombe amatigwira ndi kupanga ndiwo.

Ku Nkhotakota tinafika usiku. Uko ndiko kunali doko la Jumbe, kumene akapolo ambirimbiri anaolotsedwa pa zombo kunka kum'mawa osabweranso. Sitima inaima patali, maboti ake anatsitsidwa, ndipo kwa maola angapo anali kupita ndi kubwera mumdima, odzaza ndi matumba a chimanga ndi mpunga, malata, njinga ndi madengu. Pano ndinene mosamala, kuti wina asandimve molakwa. Sindinyoza amalonda ndi anthu a pazilumba amene anyamula zambiri. Kwa iwo sitima ndiyo msewu, ndiyo ngolo, ndiyo nkhokwe. Ufa umene akweza ndiwo moyo wa ana awo. Koma chifukwa chomwecho, ife ongopita kukacheza tiyenera kuwasiyira malo. Bokosi langa losafunika likadakhala pamene pakadakhala thumba la chakudya cha banja lina.

Panali bambo wina, wa kumtunda ngati ife, amene anakwera ndi masutikesi atatu ndi dengu. Usiku wonse sanagone, anali kuwerenga katundu wake ndi tochi. Sanathe kupita kukagula tiyi, ngakhale kukadzithandiza, osapempha wina kuti amlondere. Ife tinatsamira zikwama zathu ngati mitsamiro, tinafunda gombeza, tinagona.

Loweruka tinafika ku Likoma, chilumba cha milambe ndi miyala, choyandikana kwambiri ndi gombe la Mozambique. Popeza sitima inali kukhalitsa potsitsa katundu, tinabereka zikwama zathu, tinatsika, tinapita kukaona tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera, cha abale athu a Anglican. Anayamba kuchimanga mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale anali kutenthera anthu oganiziridwa ufiti. Munthu ukalowamo udabwa kuti nyumba yotere inamangidwa bwanji pachilumba chaching'ono chomwechi. Tinagwada pang'ono, tinapempherera umodzi wa Akristu onse, tinabwerera. Bambo wa masutikesi uja tinampeza pomwe tinamsiya; Likoma analiona pa zenera lokha.

Titapitirira Chizumulu, mwera unayamba. Imeneyi ndi mphepo ya kumwera imene iomba kolimba m'miyezi ya chisanu, ndipo anthu a kunyanja saitchula mwamasewera. Akumbukira sitima ya Vipya, imene inamira kumpoto kwa nyanja pa namondwe m'mwezi wa Julayi 1946, ndipo anthu 145 anatayika. Sitima yathu inali kupendekera uku ndi uku, ambiri anadwala, katundu wosamangidwa anali kutsetsereka pansi. Ndinakumbukira za Paulo Woyera pa ulendo wake wa ku Roma, m'mene amalinyero anataya katundu ndi tirigu m'nyanja kuti ngalawa ipepuke, ndipo anthu onse anapulumuka ndi moyo wokha. Tinatulutsa korona, ndipo Akristu ena atatu amene sitinawadziwe anasendera pafupi nayankha nafe.

Tinapuma ku Nkhata Bay, kumene kunali doko lenileni, ndipo Lamulungu dzuwa litakwera tinaona Usisya: kachigwa ka mchenga, mapiri aatali ali kumbuyo kwake ngati linga. Nangula anagwa, boti linatsitsidwa. Abale, zonse zimene mkulu uja ananena zinali zoona. Boti linali kukwera ndi funde kufika pafupi ndi phazi, kenaka n'kugwa pansi kutalika kwa munthu. Amalinyero anali kufuula kuti aliyense adikire funde likweze boti, ndipo apondemo nthawi yomweyo.

Patsogolo pathu panali mayi wamng'ono, khanda kumsana, mtolo pamutu, ndowa kudzanja, ndi kamwana kena ka zaka ngati zitatu kali kugwira chitenje chake. Pofika pa makwerero anaima, osadziwa chogwira ndi chosiya, ndipo kamwanako kanayamba kulira. Anthu onse ozungulira anali ndi manja odzaza. Mkazi wanga anati: “Mwana wanga, ndipatseni ndowayo, abambo, nyamulani mwanayu.” Ndinamnyamula pachifuwa ndi dzanja limodzi, lina ndinagwira chitsulo, ndinatsika makwerero monga pa nkhokwe paja, ndinampereka kwa mmalinyero. Mayiyo anatsika bwino, ndi mkazi wanga pambuyo pake. Bambo wa masutikesi anatsikanso pomwepo. Poponya sutikesi yachiwiri funde linachotsa boti, ndipo inagwera m'madzi. Anyamata anaivuula ndithu, koma zonse za m'katimo zinanyowa, pamodzi ndi makalata ake. Tinammvera chisoni, pakuti pakadapanda mnansi wathu uja, ifenso tikadakhala otero.

Pagombe mwana wathu anatithamangira m'madzi momwemo. Manja athu anali opanda kanthu, ndipo tinatha kumkumbatira. Madzulo ake tinagula mbuzi yaing'ono kwa munthu wa pamudzipo, tinaipereka kwa asewele athu pamodzi ndi nyemba zija, ndipo iwo anatilandira ndi kondowole ndi usipa wa tsiku lomwelo. Za kuuma manja palibe ananena. Mdzukulu wathu anabatizidwa atavala kamalaya koyera kaja, kouma bwino m'jumbo mwake.

Tinakhala kumeneko sabata ziwiri ndi zovala ziwiri, ndipo palibe chimene tinasowa. Pamene Ambuye Yezu anatuma ophunzira ake awiriawiri, anawaletsa kunyamula zambiri za panjira. Kale ndinali kuphunzitsa zimenezi kwa ana a katekisimu monga lamulo lovuta la anthu oyera okha. Pa makwerero a Ilala ndinazindikira kuti ndi malangizo a chifundo, pakuti dzanja lodzaza silingathe kugwira mnzako.

Tsono inu amene muganiza zoyenda panyanja, yalani mphasa, gawani katundu patatu, ndipo yesani chikwama chanu pa makwerero a nkhokwe musananyamuke. Funsaninso bwino za tsiku la sitima, pakuti limasinthasintha. Ndipo pa mapemphero a madzulo m'mabanja mwanu, musaiwale amalinyero, asodzi ndi onse oyenda pamadzi, kuti Amayi Maria awaperekeze kufikira pagombe.

Tsalani bwino. Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wopuma, wa kufupi ndi Mua