Machesi ndi Nkhuni Zonyowa

Ntchito yanga ndi yolondolera anthu m'phiri la Mulanje. Ndinayamba ndi kusenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula kukafika ku Chambe ndi ku Lichenya, mpaka njira zonse zinandilowa m'miyendo. Sukulu zikatsekera ndimakwera ndi anyamata a kumpingo kwathu. Ambiri mwa iwo amakhala oti china chake chawafoola. Wina dzina lake silinatuluke pa mayeso a Sitandade 8, wina akubwereza Folomu 4, ena nyumba yawo inapita ndi napolo wa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Ponyamuka sindilalikira. Mnyamata wokhumudwa amakhala atakhuta kale malangizo a amalume, aphunzitsi ndi abusa. Tikafika pogona ndimangomupatsa machesi n'kumuuza kuti akoleze moto wa nsima.

Kumtunda kuja chiperoni chikatsika, chilichonse chimanyowa. Mnyamata amatola zikuni za pansi, kuziunjika thi, n'kuyamba kukhwatcha machesi. Machesiwo akatsala pang'ono kutha, mnyamatayo amati, "Ankolo, zakanika." Ine ndimafunsa, "Iwe, chakanika ndi chiyani, machesi kapena nkhuni?" Apo m'pamene amayamba kuyang'anitsitsa. Nkhuni ya pansi yamwa madzi, koma nthambi youma imene idakali pamtengo m'kati mwake ndi mouma. Uisende khungwa, upale timizere topyapyala ndi mpeni, uyambe ndi tizitsotso, usiye mpata wa mpweya, mphepo uitchinge ndi msana wako. Zikuni zazikulu zimabwera pomaliza. Sindimulanda machesiwo, ngakhale njala itiwawe tonse. Ndipo timakolezera pamalo ophikira okha, poti moto wolusa ndi macheka zatha kale mkungudza wambiri m'phirimu.

Chovuta kwenikweni ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Mnyamata aliyense amafuna akadzitame kumudzi kuti anapondapo. Timadzuka m'mamawa pa Chisepo, koma nkhungu ikatseka miyala ndimalamula kuti tibwerere. Anthu asocherapo kumeneko, ena osapezekanso. Nthawi zonse pamapezeka mmodzi wonena kuti tingopemphera n'kupitirira, Mulungu atiteteza. Kupemphera timapempheradi, koma tikati ameni timayang'ana kumunsi. Amene anatipatsa pemphero ndi yemweyo anatipatsa maso oonera nkhungu. Anyamatawo amatsika atatupa masaya, ena misozi ili m'maso, ndipo ine ndimawasiya akwiye.

Madzulo, mimba zitakhuta, m'pamene timatsegula Baibulo. Ndimakonda nkhani ya Eliya atathawira m'chipululu, atatopa mpaka kupempha imfa. Mngelo sanamukalipire. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamulola agonenso, kenaka anamudzutsa kuti adye poti ulendo unali wautali. Ikatha nkhaniyi anyamata amayamba okha kuulula za mayeso, za mabuku amene anakokoloka, za manyazi okakhala kalasi imodzi ndi ang'ono awo. Ine changa ndi kusonkhezera moto ndi kumvetsera.

Chimandidandaulitsa ndi chimodzi. Amayi ndiwo amaperekeza anawa pa Likhubula, atawaphikira mbatata ndi kuwabwerekera juzi, koma abambo saoneka kawirikawiri. Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula itasiya. Abambo anzanga, konzani nsapato zolimba, mudzakwere naye mwana wanuyo.