Kufika Pakhomo Mwana Asanadwale

Ife amene tinaphunzira m'masukulu a mishoni tinakula tikudziwa kuti mwana akapambana mayeso mudzi wonse umamuyang'anitsitsa. Tsono tikamva kuti mwana wa auje watsiriza digiri yaciwiri ya zamakompyuta, funso lathu loyamba limakhala lakuti, “Nanga walowa nchito ku banki iti?” Sitinamvepo wina akufunsa ngati walowa ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo. Ifenso, tivomere, sitinafunsepo conco.

Cimene catigwedeza maganizo, awerengi okondedwa, ndi nkhani ya ku Chicago, m'dziko la America. M'caka ca 2013, pa University of Chicago, bambo Rayid Ghani, amene anali mkulu wa akatswiri a sayansi pa kampeni ya Barack Obama ya 2012, anayambitsa dongosolo lochedwa Data Science for Social Good. Ophunzira, ambiri a iwo a madigiri apamwamba, anali kusankhidwa, kupatsidwa ndalama yodzisamalira, ndi kugawidwa m'timagulu ta anthu atatu kapena anai. Kwa milungu 12 kagulu kalikonse kanali kusenza vuto limodzi la ofesi ya boma kapena la bungwe losafuna phindu.

Vuto limene latikhudza ndi la mtovu. Nyumba zambiri za mu Chicago zinamangidwa isanafike 1978, caka cimene America analetsa penti ya mtovu m'nyumba zogonamo. Penti yakale ikamasupuka imasanduka fumbi, ndipo mwana wokwawa amaliika m'kamwa. Mtovu ukaononga bongo wa mwana, palibe mankhwala obwezera cimene caonongeka. Koma mwambo wa ofesi ya zaumoyo unali wakuti oyendera nyumba azipita pakhomo pokhapokha magazi a mwana ataonetsa kale mtovu wambiri. Kunena mosabisa, mwanayo ndiye anali cipangizo copimira nyumba.

Ophunzira aja sanabwere ndi mankhwala atsopano. Anatenga zimene ofesi inali nazo kale: zotsatira za magazi a ana za zaka zambiri, malipoti a oyendera nyumba, ndi zaka zimene nyumba zinamangidwa. Anaphunzitsa kompyuta kuzindikira makomo ofanana ndi amene anadwalitsapo ana, kuti oyendera nyumba, amene ndi ocepa, ayambire kumeneko mwana akali bwino.

Tikuwerenga zimenezi mtima wathu unathamangira ku Kabwe. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka pafupifupi 90, koma mtovu unatsala m'dothi ndi m'fumbi la ku Chowa, Kasanda ndi Makululu kumene ana amasewera. Kusiyana kulipo: kwathu sitifunikira kompyuta kuti itiuze kumene mtovu ucokera, pakuti mulu wa zotsalira za mgodi uli poyera. Koma funso lakuti tiyambire pakhomo liti, mwana uti apimidwe coyamba pamene zipangizo zili zocepa, limeneli ndi lathunso. Ndipo ndani wa ife sanaonepo mabuku a kucipatala ataunjikidwa m'kabati, olembedwa mosamala ndi anamwino otopa, koma osawerengedwanso ndi munthu aliyense kufikira ciswe citawapeza?

Tisatengeke msanga. Kompyuta sipala penti pakhoma, ndiponso siika dothi labwino pabwalo. Imadziwa zokhazo zimene zinalembedwa, motero mwana amene sanapimidwepo, wa m'banja losauka kwambiri, angathe kusoweka pamndandanda. M'mabuku amenewa mulinso maina a ana ndi matenda awo, zinthu zosayenera kugwidwa mwacisawawa. Cimene citidetsa nkhawa koposa ndi kufupika kwa nthawi. Milungu 12 ikatha ophunzira amabwerera kukatsiriza maphunziro awo, ndipo ngati mu ofesi simunatsale munthu wodziwa kuyendetsa cimene anapanga, cidzagona ngati thalakitala ya mphatso imene yasowa kacitsulo kamodzi. Taziona zotere kangati m'midzi yathu!

Komabe milungu 12 imeneyo imacita kanthu kwa wophunzirayo mwini. Amakhala pa tebulo limodzi ndi namwino ndi woyendera nyumba, namva kuti nambala imene akuisewenzetsa ndi mwana wa munthu. Mwezi watha mwana wa mlongo wathu, amene akuphunzira zamakompyuta ku Lusaka, anatifunsa kumene angakagwire nchito pa chuti. Banki inali kale pamlomo pathu. Tinaimeza, ndipo tinamuuza kuti ayambe wapita kukaona asisita oyang'anira kiliniki ya kwathu, awapemphe cilolezo coona mabuku a sikelo ya ana.