Sikelo ikamakana kutsika

Mayi ena mu minibasi amauza anzawo kuti asiya zoyenda m'mawa. Akuti mwezi wathunthu akudzuka kusanache, nsima achepetsa mpaka mtanda umodzi, koma pa sikelo atsika ndi kilo imodzi yokha. Amalankhula akusisita bondo, mawu akuchita kumveka kuti mtima wawapweteka. Mpaka pano ndikuwaganizirabe.

Komatu kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi ma calorie pafupifupi 7,700. Kuyenda ndawala mphindi 30 kumachotsa mwina 150 basi, ndipo botolo limodzi la Fanta likhoza kubweza pafupifupi onsewo. Kilo ija anaikhetsera thukuta mayi aja, si yochepa ayi.

Chinanso, munthu ukangoyamba masewera olimbitsa thupi minofu imasunga madzi, ndiye sikelo imaima pomwepo mafuta akupita ndithu. Chimayamba kukuuza ndi chiuno. Siketi imene zipi yake inkathera panjira imatseka mpaka m'mwamba, chitunda chimene unkapumira kawiri umachikwera ukucheza. BP ndi shuga nazo zimatha kuyamba kukhala m'malo anthu asanaone kusintha kulikonse.

Ndipo kwathu kuno ukangotsika pang'ono, achibale ayamba kale: "Mwaondatu, mukudwala?" Zimafoola zimenezi.

Ndikanakonda mayi aja akanabwereka tepi kwa atelala n'kumayeza chiuno kamodzi pa mwezi, sikelo n'kuipumitsa kaye.

Inu amene munadutsamo, chinakulimbitsani mtima n'chiyani miyezi yoyambirira ija?